Tsiku limene ndinathimitsa dzuwa m'ndege

Mwana wanga atanditumizira tikiti ya ku Manchester anandichenjeza kuti, "Adadi, m'ndege musakagwiregwire zinthu." Kumuuza zimenezo makaniko wa pa Biwi n'kutaya malovu chabe.

Ku Addis Ababa tinakwera chindege cha Boeing 787, chija amati Dreamliner. Tinjira tiwiri mkati, mipando 9 pamzere umodzi, itatuitatu. Ine pawindo. Titangonyamuka ndinaona phiko likupindikira m'mwamba, mtima unangoti myuu. Kwathu kugalaja chitsulo chikapindika choncho ndiye kuti chapita.

Mnyamata wa pambali panga anati, "Madala, musaope. Si chitsulo chimenecho. Theka la kulemera kwa ndegeyi ndi pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wa kaboni, ndipo phikolo analipanga dala kuti lizipindika. Zakhala zikunyamula anthu kuyambira 2011."

Pulasitiki! Bola akanangokhala chete.

Kutacha dzuwa linandilasa m'maso. Kufunafuna katani, palibe. Pansi pa windo panali kabatani basi, ndiye ndinakadina. Galasi linayamba kuda pang'onopang'ono mpaka kukhala labuluu. Zinandisangalatsa, ndinadinanso. Pocheuka, abale inu, mawindo onse a m'ndege, mbali zonse ziwiri, akuda bii! Ndinayesa kubweza, kabatani sikakumvanso. Ndinadziwiratu kuti ndawotcha fyuzi. Nanga woyendetsa kutsogoloko akuona bwanji njira?

Thukuta lili kamukamu ndinamudumpha mnyamata uja, ndinapita kumbuyo kwa mayi wina wogwira ntchito m'ndege, chipewa chili m'manja.

"Pepani mayi, wachita zimenezi ndine. Mukandipatsa sikuludiraiva n'kundionetsa pokhala mafyuzi, ndikonza pompano, ulere."

Mayiyo anaseka mpaka kugwira kangolo ka chakudya. Kenako anandifotokozera kuti pakati pa magalasi a windo pali mankhwala amene amada magetsi akadutsamo, n'chifukwa chake mulibe makatani. Iwo ali ndi podina pawo pamene amadetsera mawindo onse nthawi imodzi n'kuwaloka kuti anthu agone. Tinangodina nthawi yofanana. Za woyendetsa anati ndisadandaule, mawindo ake kabatani kanga sikafikako.

Anamuitana mnzake kuti ndibwereze za sikuludiraiva zija. Sindinabwereze.

Nditabwerera pampando ndinapeza mnyamata uja wamva kale zonse. Analoza mwana amene ankalira kutsogolo n'kunena kuti, "Madala, tadinaninso, mwina uyonso azima."