Tsiku lomwe galimoto ya alamu inagona m'matope

Alamu anga anagula galimotoyo pa ngongole, ndipo kwa miyezi inayi sinapondepo fumbi. Yaikulu, yakuda bii, matayala otupa ngati a thirakitala, pamwamba pali chitsulo chomangirapo katundu chomwe sichinanyamulepo ndi chikwama chomwe. Ntchito yake inali kukasiya ana kusukulu, kupita ku ofesi, madzulo kubwerera. Tsono atandiimbira foni kuti tipite kumapiri kukagona masiku awiri, ndinadziwiratu kuti mapiri ndi chonamizira chabe. Ankafuna kuti galimoto ionetse zomwe anailipirira.

Za msewu wa phula palibe chokamba. Maola asanu, theka lake ndinali mtulo. Ndinadzidzimuka titakhotera mu msewu wa dothi, mvula itangokata kumene, alamu akuimba mluzu. Makilomita khumi oyamba anayenda bwino moti ndinayamba kuchita nsanje. Umakhala pamwamba ngati uli pakhonde la nyumba yosanja, maenje umangowamva patali.

Kenaka tinafika padambo. Panali mamita mwina makumi atatu a matope ofiira, mikwasa iwiri yakuya yomwe magalimoto ena anasiya, pakati pali mtumbira. Ndinati titsike tione kaye kuya kwake. Alamu anaseka. "Alamu, iyi ndi 4x4." Analowa ndi liwiro, matope anathovukira pagalasi, tinayenda mpaka pakati, basi galimoto n'kuima. Anaponda mafuta. Injini inabangula, matayala akumbuyo akungozungulira, akukumba. Anabweza m'mbuyo, anapondanso. Nthawi iliyonse tinkatsika pang'ono, mpaka ndinamva mimba ya galimoto ikukhala pamtumbira paja, phwa. Chitseko changa chinatseguka movutikira. Netiweki panalibe. Fosholo tinalibe, chingwe tinalibe. Tinali ndi makamera awiri ndi kasipika koimbira nyimbo.

Tinakhala pamenepo ola ndi theka. Tinathyola nthambi n'kuzitsendera pansi pa matayala, matayala n'kuzimeza. Ine ndinakankha, ndipo chomwe ndinapindula ndi matope kumaso mpaka m'makutu.

Dzuwa litapendeka tinamva kulira kwa dizilo kumbuyo. Inali Land Cruiser yakale ya bokosi, ya mtundu uja wa 70 womwe Toyota anayamba kupanga mu 1984 ndipo mpaka pano sanausiye. Penti inatha kalekale, galasi limodzi lammbali lomangidwa ndi waya. Munatuluka bambo wachikulire wovala majombo. Sanafulumire. Anazungulira galimoto yathu kawiri, manja kumbuyo, anagwada kusuzumira pansi, kenaka anafunsa alamu mwaulemu: "Pepani achimwene, mwaiika mu chiyani?"

Alamu anati ili mu D.

Bambowo anapempha kuti aone m'kati. Pafupi ndi giya panali kabatani kozungulira kolembedwa 2H, 4H ndi 4L. Pa 2H injini imayendetsa matayala awiri okha, pa 4H onse anayi, pa 4L onse anayi koma pang'onopang'ono ndi mphamvu zambiri. Kanali pa 2H. Miyezi inayi yonse, ngakhale m'matope muja, galimotoyo inkakankhidwa ndi matayala awiri akumbuyo okha, ngati pikiapu wamba. Alamu ankaganiza kuti kabataniko n'ka mpweya wozizira wa mipando yakumbuyo. Sindinaseke pamenepo. Ndinadzaseka usiku.

Chomwe sindidzaiwala n'choti bambo aja sanatikoke msanga, ngakhale chingwe anali nacho. Anati galimoto ikakhala pamimba, kuikoka n'kuthyola zinthu. Anatipatsa fosholo kuti tifukule mtumbira pansi pake ndi kutsogolo kwa tayala lililonse. Iwo anatenga kiyi n'kuyamba kuphwetsa matayala, akuyeza ndi kageji kawo, mpweya kuchoka pa mabaa 2.4 (muyezo wa mpweya wa m'tayala) kufika cha pa 1.5. Tayala lofewa limaphwatalala, limaponda malo aakulu, silikumba. Kenaka anawauza alamu kuti aike giya pa N, galimoto ili chiimire, apotoze kabatani kufika pa 4L, adinenso kena kokhala ndi chithunzi cha ekiselo ndi X pakati. Kameneko ndi kokhoma difu, chipangizo cha pakati pa matayala awiri chomwe chimawagawira mphamvu ya injini. Anafotokoza akujambula ndi chala pamatope a pachitseko: difu wamba imalola tayala lina kuthamanga kuposa linzake pokhota, n'chifukwa chake m'matope tayala loterereka ndi lomwe limazungulira, logwira pansi n'kungokhala. Ukaikhoma, onse awiri amazungulira limodzi, afune asafune.

"Tsopano musaponde. Ingochotsani phazi pa buleki, muisiye iyende yokha."

Inatuluka ngati ng'ombe yodzuka pamthunzi. Pang'onopang'ono, popanda phokoso, popanda chingwe. Alamu anafuna kuwapatsa kangachepe, iwo anakana, anangopempha kuti fosholo tiitsuke. Asananyamuke anatiloza chitsulo chobulungira chakumbuyo chokokera ngolo n'kunena kuti tisadzamangepo chingwe tikamakoka galimoto yotitimira, chifukwa chikathyoka chimauluka ngati chipolopolo ndipo chinaphapo anthu. Anatilozanso pomwe pali zokolekera zenizeni. Anadutsa dambolo mu giya yachiwiri, osagwedezeka n'komwe.

Usiku umenewo, nsapato zikuuma pamoto, ndinkangoganiza za kuchuluka kwa anthu onga alamu m'misewu. Bungwe la International Energy Agency linawerengera kuti mu 2023, pa magalimoto 100 aliwonse atsopano ogulitsidwa padziko lonse, 48 anali ma SUV, magalimoto aatali aja ooneka ngati 4x4. Komatu mtunduwu unabadwira ntchito yakalavulagaga. Jeep ya Willys inapangidwira asilikali a America mu 1941. Land Rover inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam mu 1948, yopangira alimi, thupi lake la aluminiyamu chifukwa chitsulo chinkasowa ku Britain nkhondo itatha. Kholo la Land Cruiser linatuluka mu 1951. Zinali zouma, zaphokoso, zopweteka msana, ndipo palibe ankazigulira kukaonekera paukwati.

Zinadzasintha pamene opanga anazindikira kuti anthu amakonda maonekedwewo kuposa matope. RAV4 ya Toyota itabwera mu 1994, inali galimoto yam'tauni yovala majombo, ndipo makampani ena onse anatsatira njira yomweyo. Lero zambiri zomwe timazitcha 4x4 pamsewu zimakokedwa ndi matayala awiri akutsogolo okha, 4L zilibe n'komwe. Kenaka fasho inabwereranso ku bokosi lenileni: Defender yatsopano ya Land Rover inaonetsedwa mu 2019, Ford anadzutsa Bronco yomwe anaisiya mu 1996. Ya alamu inali yeniyeni, zida zonse zilimo. Chinkasowa ndi munthu woti anatsegulapo buku la m'kabokosi ka kutsogolo, lomwe tinalipeza likadali mu pulasitiki.

Sindikuwanyoza ogulawo. Zifukwa zina n'zomveka. Misewu yokumbika ilipo, madzi osefukira alipo, ndipo munthu wa msana wovuta amalowa bwino m'galimoto yaitali kusiyana ndi yoti achite kugwada. Palinso mantha. Ukakhala m'kagalimoto kakang'ono pamaloboti, mbali zonse kuli mabampala ofika pazenera lako, umayamba kuganiza za ana ako. Ndiye nawenso umagula yaikulu, mnzako wa kagalimoto kakang'ono n'kuyamba kuopa iweyo.

Koma dandaulo ndili nalo. Mafuta inamwa paulendowu anandiwawa, poti tinagawana pakati, ndipo chitsulo chapadenga chija chimaonjezera kumwako ngakhale chili chopanda kanthu. Tayala limodzi la galimoto yotere mtengo wake sungauyerekeze ndi la kanga. Matani awiri ndi kanthu saima msanga, ndipo 4x4 imathandiza kunyamuka basi, pa buleki galimoto iliyonse ili ndi matayala anayi omwewo. Yaitali imapendamanso msanga ukaikhotetsa mwadzidzidzi. Chinandiopsa kwambiri ndi boneti. Nditaima kutsogolo ndikufukula, ndinaona kuti mwana wa alamu wazaka zisanu atati aime pomwepo, woyendetsa sangamuone. Anthu a ku Paris anavota mu February 2024 kuti magalimoto olemera a alendo azilipira katatu poimika m'misewu ya mzindawo. Poyamba ndinkati ndi nsanje. Pano ndikuwamvetsa pang'ono.

Ndiulule, nanenso ndikuifuna. Osati ngati ya alamu. Maso anga ali pa Suzuki Jimny, kamene kakhalapo kuyambira 1970, kolemera tani imodzi ndi pang'ono, kali ndi 4L yeniyeni. Kopepuka sikatitimira msanga, ndipo kakatitimira anthu anayi amakatulutsa. Vuto n'loti ukaika anthu kumbuyo, katundu alibe pokhala.

Ngati mukupita kotere, tengani fosholo, chingwe cholimba, geji ndi pampu ya matayala. Pampuyo nayonso tinalibe. Pobwerera tinayenda makilomita ambiri paphula ndi matayala ofewa, pang'onopang'ono, malole akutiimbira hutala, chifukwa tayala lofewa likathamanga limatentha mpaka kuphulika. Chiwongolero chinayambanso kulimba pokhota, galimoto ikudumphadumpha, alamu n'kuyamba kutukwana kuti bambo aja awaonongera galimoto. Ndinayang'ana kabatani kaja. Kanali pa 4H. Paphula louma galimoto ya mtunduwu imafuna 2H, apo ayi mashafti amakanganirana okhaokha.

Mapiriwo tinawaona, anali okongola, kunkazizira. Chithunzi chomwe alamu anaika pa Facebook n'cha padambo paja, galimoto ili matope mpaka pazitseko, iwo atatsamira boneti. Kumanzere kwenikweni, mukachikulitsa, mukuoneka kachidutswa ka galasi lomangidwa ndi waya.