Zikomo abale a ku Ulónguè, sukulu ija ndamaliza

Lachisanu lapitali aphunzitsi akuluakulu anavomereza kafukufuku wanga wa digiri yachiwiri. Ndikulemba ndili pakhonde pa Amayi kuno ku Ulónguè, poti anthu amene mwandinyamula zaka 3 zimenezi ndinu ochuluka, sindingakufikeni khomo ndi khomo.

Dzulo tikusenda kachewere Amayi anandifunsa kuti, "Kodi mafuta unkanena pafoni aja ndi mafuta anji?" Ndiyankhe pano kuti onse amene munasonkha mudziwe kumene ndalama zanu zinapita.

Thupi linapangidwa ndi tizigawo tating'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo pafupifupi m'selo iliyonse muli DNA, malangizo amene thupi limatsatira. Matenda ena obadwa nawo, monga a sickle cell, amayamba chifukwa malangizowo alakwika penapake. Kuti ukonze uyenera kulowetsa malangizo abwino m'kati mwa selo, koma DNA payokha silowa. Ili ndi mphamvu ya magetsi ya negative, khungu la selo nalonso negative, ndiye zimakankhana. Akatswiri ena amaitumiza pa vairasi yofooketsedwa, koma thupi limatha kuukira vairasiyo moopsa. Mu 1999 mnyamata wa ku America, Jesse Gelsinger, anamwalira pa kafukufuku wotere. Ife timadzera njira ya mafuta. Pali mafuta ena amene akakhala m'madzi amadzipinda okha n'kukhala timipira tosaoneka ndi maso, ma liposome, amene Alec Bangham anawafotokoza ku England m'ma 1960. Mu 1987 Philip Felgner ndi anzake anaonetsa kuti mafuta okhala ndi mphamvu ya positive amakoka DNA, kuikulunga, n'kukailowetsa m'selo. Amene munabayitsa katemera wa COVID-19 wa Pfizer kapena Moderna, munalandira zidzukulu za mafuta omwewa.

Chovuta n'chakuti mafuta a positive akachuluka amapha selo yomwe ukufuna kuithandiza, akachepa DNA silowa. Miyezi 8 ndinkasakaniza mafutawo ndi mafuta ena otchedwa cholesterol, kusintha muyezo, kudikira. M'mawa ndikayang'ana pa maikulosikopu, maselo ali yandayanda, akufa. Ndi m'miyezi yomweyo pamene Bambo anatisiya. Ndinachoka ku Joni usiku, ndinawoloka Zambezi pa Tete ndikulira, ndipo nditatsika chapa (minibasi) pano mtima unali utatsimikiza kuti sindibwererakonso.

Amalume, inu ndi amene munakana. Maliro atatha munandikhazika pansi, osandikalipira, mawa lake n'kukagulitsa ng'ombe yanu imodzi kuti ndipeze yoyendera ndi ya lendi. Sindidzaiwala. Amayi, munalima dimba nokha chaka chimenecho, chikhalirecho pafoni simunadandaulepo. Achemwali, zikomo posamala Amayi pamene ine kunalibe. Amayi a kumpingo, ma meticais amene munamanga pakansalu aja ndinagulira chakudya mwezi wathunthu. Aphunzitsi anga a sayansi a kusekondale, amene munkatiphunzitsa za selo pojambula pabolodi popeza zida kunalibe, ntchitoyi ndi yanunso. Ndikuthokozanso amene ankandiyang'anira pa kafukufuku, ndi anzanga a mu labu amene anadyetsa maselo anga milungu yonse imene ndinali kumaliro.

Nditabwerera ndinachepetsa mafuta a positive, n'kuonjezera mafuta othandizira otchedwa DOPE, amene amathandiza DNA kutuluka m'kathumba kamene selo imaitsekeramo ikangoimeza. DNA yoyeserayo inali yoti ikafika, selo iziwala mobiriwira. Tsiku lina m'chipinda chamdima ndinaona maselo ali amoyo, akuwala. Ndinakhala pansi, ndipo munthu woyamba amene ndinafuna kumuimbira anali Bambo.

Musamve ngati ndapeza mankhwala. Zanga zathera m'mbale za mu labu, ndipo ulendo wofika kwa wodwala ndi wautali. Koma ndikufuna kuupitiriza.

Loweruka m'mawa tikaona manda a Bambo, masana kudzakhala pemphero ndi nsima kwa Amayi. Nonse bwerani.