Ndinapita ku Alice kukaona kwawo kwa abusa John Knox Bokwe

Loweruka lapitali ndinadzuka 4 koloko m'mawa, kunja kuli chisanu choti zala zimakanika kupinda, June wa kuno ku Eastern Cape ndi wina abale, ngakhale ine wokulira ku Dedza amandipweteka ndithu. Alamu anga anali atafika kale pageti ndi fulasiki ya tiyi, tinayenda wapansi kukakwera taxi ya ku Qonce, tauni ija kale ankaitchula King William's Town, kenako kumeneko nkusintha kukwera ina ya ku Alice. Kuchoka ku East London kukafika ku Alice ndi pafupifupi makilomita 120.

Chimene chinandiyendetsa ulendowu ndi pepala limodzi basi. Kutchalitchi komwe ndimapemphera kuno ndinalowa kwaya chaka chatha, nde tsiku lina pa pulakatisi anatigawira pepala lofotokopa, lakale, zilembo zina zitafufutika, lodzaza ndi d r m f s l t, madontho ndi timizere tija, ndipo pakona pamwamba panalembedwa J.K. Bokwe. Mtima unangoti phaa chifukwa zilembo zimenezo ndi zomwe malemu bambo anga ankalemba ndi choko pabolodi la sukulu madzulo ana akaweruka, akuphunzitsa kwaya ya kumudzi. Ndinafunsa mayi wina wachikulire amene amaimba alto pafupi nane kuti Mama, Bokwe ameneyu ndi ndani? Anandiyang'ana modabwa nkunena kuti ameneyo ndi umfundisi wathu wa ku Dikeni. Dikeni ndi dzina la Chixhosa la Alice. Ndipo mawu oti umfundisi anandigwira, chifukwa kuno m'busa amamutchula choncho, wophunzitsa, mawu amodzi omwewo anyamula ntchito ziwiri.

Njira ya ku Alice ndi yokongola nthawi ino. M'mapiri monse muli zomera za aloe zitatulutsa maluwa ofiira ngati makala a moto, udzu utauma mbuu, mbuzi ndi ng'ombe zikudutsa pamsewu ngati kwathu komwe, ndipo kutsogolo mapiri a Amathole atatchinga kumpoto konse. Mu taxi munali gospel ya Chixhosa ikulira pansipansi ndipo mayi wina kumbuyo ankangoyika mawu ake apakati osachita kuganiza, wina nkulowetsa tenor. Anthu a kuno amaimba m'magawo anayi ngati mmene ife timapumira mpweya, ndipo ndinkangoganiza kuti zimenezi sizinagwe kumwamba, pali anthu anakhala pansi nkuziphunzitsa.

Tinafika cha m'ma 9. Alice ndi katauni kakang'ono m'mbali mwa mtsinje wa Tyhume, koma zomwe kanabereka nzazikulu. Mbali ina kuli yunivesite ya Fort Hare yomwe inatsegulidwa mu 1916, komwe anaphunzira Nelson Mandela, ndipo ife a Malawi tisaiwale kuti Orton Chirwa ndi Masauko Chipembere anadutsanso pomwepo. Mbali ina kuli Lovedale, sukulu ya mishoni ya anthu a ku Scotland yomwe inayamba mu 1841, pano ndi koleji ya ntchito zamanja. Ife tinalunjika ku Lovedale kaye.

John Knox Bokwe anabadwa mu 1855 ku Ntselamanzi, mudzi womwe uli pafupi penipeni ndi Lovedale, woyenda wapansi. Nkhani imene anthu amakonda kufotokoza ndi ya piyano. Mu 1867 Dr James Stewart ndi akazi awo atangofika kumene pa mishonipo, kamnyamata kameneka kanamva kulira kwa chinthu chachilendo m'nyumba mwawo, kanaima panja kumvetsera osachoka, mpaka mayi Stewart anakaitanira mkati. Kuyambira pamenepo anakhala wa pakhomopo, kutumidwa uku ndi uku, kuphunzira piyano ndi ogani. Nditaima pansi pa mitengo ikuluikulu ya pa Lovedale, pakati pa nyumba zakale zamiyala zija, ndinayesa kumuona mwana wa zaka 12 ataima pageti khutu lili tcheru, ndipo ndinakumbuka tsiku loyamba lomwe kiyibodi inafika kutchalitchi kwathu, ana tonse titaunjikana pawindo mpaka mdima.

Chimene chimandidabwitsa ndi kuchuluka kwa ntchito zomwe munthu mmodziyu anagwira pa Lovedale kwa zaka pafupifupi 30. Anali kalaliki wa Stewart, wosunga mabuku a ndalama, womasulira, woyang'anira positi ndi telegalafu, kuthandiza pa nyuzipepala, kenako madzulo nkukaimitsa kwaya. Alamu anga atamva anangoti koma alamu, ameneyu ankagona nthawi yanji? Ine sindinadabwe kwenikweni chifukwa ndinakulira m'nyumba ya munthu wotero. Bambo anga m'mawa anali aphunzitsi a Standard 5, madzulo a kwaya, Lamlungu mkulu wa mpingo woti abusa akapita ku nthambi ina iwo ndi amene ankalalikira, ndipo pamaliro aliwonse m'mudzi ndi iwo ankayambitsa nyimbo. Mbadwo umenewo sunkasiyanitsa choko, Baibulo ndi nyimbo, zonse zinali m'chikwama chimodzi.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe ndinapitira kumeneko, ndipo ndichedwepo pang'ono. Kalekale amishoni asanakhazikike bwino dera limeneli kunali munthu wina dzina lake Ntsikana, Mxhosa, yemwe anatembenuka mtima nkuyamba kupeka nyimbo zotamanda Mulungu m'chinenero chake komanso m'mayimbidwe a makolo ake, osati a ku Ulaya. Anamwalira mu 1821. Nyimbo zake zinkangoyenda pakamwa, agogo kupatsira ana, ana kupatsira zidzukulu, ndipo a kwawo kwa Bokwe anali m'gulu la anthu omwe ankatsatira Ntsikana. Bokwe ndi amene anakhala pansi nkulemba mayimbidwe ake mu solofa, kuwasindikiza, ndipo patapita zaka analembanso mbiri ya Ntsikana. Mu 1885 anatulutsa buku la nyimbo lotchedwa Amaculo ase Lovedale. Taganizani, munthu wophunzitsidwa piyano ndi mzungu, wokulira m'nyumba ya mishoni, akanatha kunyoza nyimbo za agogo ake kuti nzachikunja kapena nzachimidzi monga ambiri ophunzira nthawi imeneyo ankachitira, koma iye anaona kuti luso lomwe waphunziralo ntchito yake yoyamba ndi kusunga za kwawo. Lero nyimbo ya Ntsikana ikuimbidwabe m'matchalitchi a kuno, ine ndaimva ndi makutu angawa, azimayi a manyano, omwe ndi amvano a kuno, atavala yunifolomu zawo akuyenda pang'onopang'ono uku akumenya Baibulo ndi chikhatho, ndipo thupi limachita tsembwe.

Apa mpamene mtima unandiwawa. Bambo anga anapeka nyimbo zambiri, za Khrisimasi, za Pasaka, za ukwati, ina yamaliro yomwe anthu a m'dera lathu ankaidziwa onse. Ankalemba mu kope lachikuto chofiira, la hard cover, lomwe ankasunga mu sutikesi pansi pa bedi. Atamwalira ife ana tinatanganidwa ndi za munda, za nyumba, za penshoni, palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa za kope lija. Ine ndemwe ndinabwera kuno ku Joni kudzasaka ndalama osaliganizira nkomwe. Ndipo sife tokha, ma kwaya angati kwathu omwe nyimbo zawo zinapita kumanda limodzi ndi owaphunzitsa?

Titachoka pa Lovedale tinayenda kulowera ku Ntselamanzi. Ndi mudzi wamba, nyumba zamalata, agalu, ana akusewera mpira wa mapepala, shopu ya spaza pomwe tinagula amagwinya otentha, omwe ndi mandasi athu omwewa kungoti ndi akuluakulu. Bambo wina wachikulire atavala chipewa chaubweya anatipatsa moni, ife nkuyankha Molo Tata, ndipo atamva kuti ndife a ku Malawi ndipo tabwera chifukwa cha Bokwe anavula chipewa chija nkutigwira chanza ndi manja awiri. Sitinalankhulane zambiri, Chixhosa changa nchopereweza, koma anatiloza phiri lomwe lili moyang'ana tauni kuti musabwerere musanakwere apo.

Phiri limenelo amalitchula Sandile's Kop, ndipo pamwamba pake pali nsanja yamiyala pomwe anaikidwa James Stewart atamwalira mu 1905. Tinakwera mphepo ikutimenya kumaso. Ukafika pamwamba umaona zonse, Lovedale, Fort Hare, mtsinje ukukhotakhota, midzi mbali zonse. Ndipo apa mpomwe nkhaniyi imafika kwathu. Stewart yemweyu ndi amene anapereka ganizo loyambitsa mishoni ya Livingstonia, ndipo mu 1876 anatenga anyamata anayi a pa Lovedale kupita nawo kunyanja yathu: William Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Nthawi imeneyo Bokwe anali ndi zaka 21, akugwira ntchito mu ofesi ya Stewart, nde anyamatawa anali anzake a pa sukulu pomwepo, ndipo ndikukhulupirira kuti anaimbapo limodzi. Shadrach sanakhalitse, anamwalira mu 1877 ku Cape Maclear. Ine manda ake ndinawaona ndili ku sekondale pa ulendo wa sukulu, pakati pa manda a amishoni aja pansi pa phiri, koma ndinangowerenga dzina nkudutsa, osadziwa kuti ndi mnyamata wochokera kuchigwa chomwe ndinali kuchiyang'ana tsopano. William Koyi ndi amene anatsegula njira kwa Angoni a M'mbelwa chifukwa Chixhosa chake chinkamvana ndi Chingoni, ndipo anamwalira ku Njuyu mu 1886. Timakonda kunena kuti uthenga anabweretsa ndi azungu, koma ena mwa omwe anaunyamula nkufera nawo kwathu anali akuda anzathu a kuno.

Alamu anga anatsegula fulasiki, tinakhala pamwala kumwa tiyi, ine nkumawafotokozera zotsala. Cha m'ma 1898 Bokwe anachoka pa Lovedale kukathandizana ndi John Tengo Jabavu pa nyuzipepala ya Imvo Zabantsundu ku King William's Town, koma sanakhalitse, mtima wake unali ku ntchito ya Mulungu. Mu 1900 anapita ku Ugie, katauni kozizira kwambiri kumunsi kwa mapiri a Drakensberg, ngati mlaliki, ndipo mu 1906 anadzozedwa kukhala m'busa ali ndi zaka zoposa 50. Atafika kumeneko anapeza ana akungokhala opanda sukulu, nde anatsegula sukulu yomwe poyamba inkalandira ana akuda ndi azungu omwe, mu South Africa wa nthawi imeneyo. Ku Ugie sitinafikeko, ndi kutali, ndi ulendo wapaokha. Koma chinandisangalatsa nchakuti tauni yoyandikana nayo inkatchedwa Maclear, dzina lochokera kwa Thomas Maclear yemwe uja David Livingstone anatchulira Cape Maclear yathu.

Atakalamba anabwerera kwawo ku Ntselamanzi ndipo anamwalira mu February 1922. Anali ataona Fort Hare itatsegulidwa, sukulu yomwe iye anali mmodzi mwa oilimbikitsa, ndipo mwana wake wamkazi Frieda anadzakwatiwa ndi Z.K. Matthews, mphunzitsi wa pa Fort Hare pomwepo. Mwana wina, Roseberry, anadzakhala dokotala.

Potsika phiri ndinatulutsa pepala lofotokopa lija m'thumba la jekete, linali litakwinyika, nkuyamba kuimba mzere wa tenor motsitsa, alamu anga omwe amati sadziwa kuimba nkumangong'ung'udza bass pambuyo. Kamtsikana kena komwe kamadutsa ndi chigubu cha madzi kanaima nkumwetulira, kenako kanapitiriza nyimboyo ndi mawu ake enieni a Chixhosa omwe ine ndimapunthwa nawo, kakuyenda osatembenuka.

Taxi yobwerera tinaipeza cha m'ma 4, dzuwa litayamba kale kupendeka. Tili m'njira ndinagula bandulo nkuimbira mayi anga pa WhatsApp. Ndinati amayi, kope lofiira la abambo lija lili kuti? Anakhala chete kanthawi, kenako anati lilipo mwanawe, mu sutikesi momwemuja, kungoti chiswe chinadya masamba akumapeto. Ndinawapempha kuti asalipereke kwa wina aliyense, mlongo wanga akabwera Lamlungu ajambule tsamba lililonse ndi foni anditumizire. Nde ndinawafunsa ngati akuikumbukira ija yamaliro ija, ndipo osayankha anangoiyamba pafoni pomwepo, mawu akunjenjemera, ine foni ndaikanikiza kukhutu chifukwa cha phokoso la injini, mpaka tinalowa mu Qonce akuimbabe ndime yachitatu.