Madzi owira a pa Chiweta

Amene mumayenda msewu wa M1 pakati pa Mzuzu ndi Karonga mukudziwa mmene mtima umakhalira m'malo mukamaliza kutsetsereka phiri la Chiweta. Mabuleki anunkha, nyanja yaonekera, anthu m'minibasi ayambanso kucheza. M'tsinde momwemo, chakufupi ndi pamene mtsinje wa North Rumphi umathira m'nyanja, muli kasupe wa madzi otentha amene ambirife timangomudutsa osadziwa.

Ine ndimaoda mpunga wa Kilombero ku Karonga, ndipo anandikakamiza kutsika ndi alamu anga omwe amakhala chakufupi ndi mgodi wa malasha wa Mchenga. Ndinakulira ku Nkhotakota, madzi otentha a pa Mawira ndimawadziwa bwino, nchifukwa chake ndinkaganiza kuti a kuno akhala chimodzimodzi. Alamu anangoti, "Inu alamu, musayerekeze kupisamo dzanja."

Ankanena zoona. Tinafika m'mamawa, nthunzi ili tolotolo, fungo la mazira owola likubaya m'mphuno, fungo la salufa limenelo. Madziwo ndi oyera mbee, akubwadamuka mwakachetechete pakati pa miyala. Akatswiri amene anawayeza amati amafika pafupifupi madigiri 80, pomwe madzi a pamoto amawira pa 100. Osamba sasambira pamaso pa kasupe, amatsika kumunsi kumene madzi ayenda kamtunda nayamba kuzizira. Kumeneko ndiye ndinaviika miyendo yanga, yotupa chifukwa chokhala pa matumba usiku wonse, ndipo mawondo anamasuka mpaka ndinafuna kugona pomwepo.

Agogo ena amene ankachapa chapafupi anandilankhula m'Chitumbuka, alamu nkumamasulira. Nkhawa yawo yonse inali pa ana oyamba kumene kuyenda. Mdzukulu wawo anali kumbuyo, atamumanga nganganga ndi chitenje.

Moto wake umachokera kuti? Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chachikulu chimene chinachitika nthaka itang'ambika, ndipo mapiri a Livingstonia ndi Nyika ndiwo khoma lake lakumadzulo. Mvula yogwa kumtundako imalowa pansi kudzera m'ming'alu ya miyala, nkutsika kwambiri mpaka kumene miyala ndi yotentha, kenako nkubwerera pamwamba m'tsinde mwa phiri isanazizire. Ming'alu ya chigwa chomwechi ndi imene inagwedeza Karonga mu Disembala 2009, nyumba zambiri nkugwa. Ogulitsa mpunga anzanga kumeneko amaikumbukirabe miyezi imene ankagona panja.

Chimene chinandikhudza kwambiri nchakuti pa Chiweta panachitika kale kafukufuku woona ngati kutenthaku kungapange magetsi. Ku Kenya, pa Olkaria, akhala akutero kuyambira mu 1981. Ife magetsi athu ambiri timadalira mtsinje wa Shire, ndipo namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu 2022 tonse tinauona mdima wake. Madzi a pa Chiweta satengera chilala kapena dzinja.

Ndimafunitsitsa ntchitoyo itatheka. Koma ikadzayamba, omangawo adzakhale kaye pansi ndi amayi amene amachapa pamenepo ndi mafumu a m'deralo, asiye malo osambira abwino, kwa amayi kwina kwa abambo kwina, ndi kampanda kotchinga ana pamaso pa kasupe. Kampandako sikayeneranso kudikira magetsi.