Musazule mazenera akalewa

Abale anga kuno ku Harare, zikundiwawa kuona mazenera amatabwa a m'nyumba zakale za ku Milton Park ndi Avondale akuzulidwa, aja otsegula mokankhira m'mwamba aja. Matabwa olimba chonchi simudzawapezanso.

Zenera likamagwa lokha, kawirikawiri ndi chingwe chaduka basi. Zitsulo zolemera zimene zimalikoka zili mkati mwa felemu. Mmisiri amangochotsa kathabwa kam'mbali n'kumanga chingwe china.

Koma samalani ndi penti wakaleyo, atha kukhala ndi mtovu. Mupaleni mutamunyowetsa, mutavala masiki, ana ali kutali. Putty watsopano, phala lomatira galasi ku thabwa lija, aume kaye musanapake penti, ndipo m'njira momwe zenera limatsetserekamo musadzaze penti, lingamatirire. Yambani panopa, mvula ya Novembala isanafike.