Chilolezo cha kafukufuku wa amayi oyembekezera chatuluka, koma abale ndatopa

Kalata ya chilolezo yochokera ku komiti ya ethics (komiti yoteteza anthu olowa mu kafukufuku) ndailandira tsopano, ndiye ndilembe ndisanaiwale, mwina wina amene akufuna kupanga kafukufuku wa za uchembere zimuthandiza.

Wanga ndi wa kutaya magazi mayi akangochira, kuja timati akataya 500 ml kapena kuposa m'maola 24 ndiye kuti zavuta. Protocol, chikalata chofotokoza mmene kafukufuku adzayendere, sinandivute kwenikweni, poyambira palipo kale, kafukufuku uja wa WOMAN trial wa 2017 anaonetsa kuti mankhwala a tranexamic acid amachepetsa imfa zobwera chifukwa chotaya magazi akaperekedwa maola 3 asanadutse mayi atachira, E-MOTIVE ya 2023 ndi ija inagwiritsa ntchito pulasitiki yoyezera magazi m'malo mongoyerekeza ndi maso. Satifiketi ya GCP (Good Clinical Practice, maphunziro a kachitidwe koyenera ka kafukufuku wa pa anthu) mumapanga pa intaneti, imeneyo isakudetseni nkhawa.

Chinandizunguza mutu ndi fomu ya consent, ija mayi amasainira kuti wavomera kulowa nawo mu kafukufuku. A komiti ya ethics anandibwezera ati mayi amene matenda ayamba musamusainitse, muzikawafotokozera kusikelo mimba isanafike masiku. Apo sindinatsutse, munthu akubuula mu leba angamve bwanji zoti ali ndi ufulu wokana? Anatinso pakhale malo a mboni kwa amayi odinda chala, mboniyo isakhale ya timu yathu. Ndinakonza zonse, ndinapereka version 2.

Ndiye ofesi yolandira mapepala ija! Anatenga version 1 yakale n'kukapatsa a komiti, ndemanga zobwera zinali zomwe zija ndinakonza kale, ndiye komitiyo imakumana kamodzi pamwezi, mwezi wonse unangopita choncho. Ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa, a pa desiki akungoti bwana ali ku miting'i bwerani masana, masana ati bwerani mawa, mapeto ake fayilo yanga yatsopano inapezeka pansi pa mulu wa mafayilo ena, envelopu yake osatsegula n'komwe. Pepani sanandiuze.

Chonde lembani version ndi deti pa tsamba lililonse, ndipo akadinda kuti alandira jambulani ndi foni pompo. Ine chithunzi chimenecho ndi chomwe chinawatseka pakamwa.

Eya, ndalama ya review mumalipira musanapereke mapepala, risiti yake isungeni chifukwa adzaifunsanso ngati sanaionepo. Komanso ngati ndi trial (yoyesa mankhwala kapena chithandizo pa anthu), ilembetseni mu kaundula wa ma trial, ku ClinicalTrials.gov kapena PACTR (kaundula wa mu Africa), musanalowetse mayi woyamba, majenale akuluakulu sadzakusindikizirani mukachita mochedwa.

Kukhwimitsa zinthu kwa a komiti ine ndilibe nako vuto, mankhwala a thalidomide anapundula ana ambirimbiri cha m'ma 1960 chifukwa amayi oyembekezera ankamwa mankhwala osayesedwa bwino. Koma kutaya fayilo si kuteteza mayi ayi.

Chilolezo changa ndi cha chaka chimodzi, ndiye ndidzabwereranso pabenchi pomwe paja kukachitsitsimutsa. Version ndi deti tsamba lililonse, ndanenanso, ngakhale pa fomu yomasulira m'chilankhulo cha amayiwo.