Kugwedeza mutu si kumva

Sabata ino m'kalasi yathu ya uphungu tinaphunzira za achinyamata amene anawaika cochlear implant, kachipangizo kamene amaika m'khutu pa opaleshoni kuti munthu wosamva azimva. Ine ndinkaganiza kuti opaleshoni ikatheka basi, mwana wayamba kumva ngati anzake.

Si mmene zilili. Kachipangizoka sikakweza mawu ayi. Mbali yakunja, yokhala kuseri kwa khutu, imatola mawu n'kuwatumiza kudzera pa kawaya kozungulira komatira pamutu ndi maginito ku mbali imene ili pansi pa khungu, ndipo timawaya ta m'kati mwa khutu timagwedeza mtsempha wa kumva ndi timphamvu ta magetsi. Graeme Clark anaika kachipangizo kotere mwa munthu ku Melbourne mu 1978, ndipo mpaka lero ubongo umachita kuphunzira kumasulira mawu amenewa. M'chipinda chopanda phokoso mwana amayankha bwinobwino. Koma mukwezeni minibasi pa siteshoni ya Kulima Tower ku Lusaka, kondakitala akukuwa, wailesi ikulira, anzake atatu akulankhulira pamodzi. Nthabwala imam'pita, iye n'kumangoseka poona ena akuseka.

Apa m'pamene panandigwira mtima. Wazaka 15 safuna kusiyana ndi anzake, ndiye amagwedeza mutu ngati wamva. Akafika kunyumba atatopa ndi kutchera khutu tsiku lonse, amavula kachipangizoko, makolo n'kumati wayamba mwano. Wina amakabisa ndi tsitsi. Wina mtima uli m'mwamba chifukwa magetsi azima batire isanadzaze, mawa kuli sukulu.

Poyeserera, ine ndinali phungu. Ndinathamangira malangizo: khala kutsogolo m'kalasi, uza aphunzitsi. Aphunzitsi athu anandiimitsa, n'kundifunsa ngati ndamufunsa mwanayo chimene chikumupweteka. Ndinali ndisanamufunse. Titayambiranso, ndinakhala moyang'anana naye, nkhope yanga ili powala kuti aone milomo, ndipo tinayeserera mawu amene angauze mnzake osachita manyazi: "Sindinamve, bwereza, koma undiyang'ane."

Chikundisowetsabe mtendere ndi chakuti ena mwa ana amenewa amadziona ali pakatikati. Kwa akumva iwo ndi osamva, kwa osamva iwo ndi akumva. N'chifukwa chake ndikuona kuti kuwakumanitsa ndi anzawo ovala kachipangizo komweka kumathandiza kuposa mawu anga onse. Ndipo amene akufuna Zambian Sign Language, chinenero cha manja cha ku Zambia, asaletsedwe, poti akavula kachipangizoko posamba kapena pogona, samvanso kanthu. Ine ndayamba kuphunzira zilembo za manja, ndafika pa M.